Momwe mungafufuzire komwe shado wanu akutenga ndalama za kampeni

Chisankho cha pa 16 September 2025 chinadutsa koma ma shado ena, anthu ofuna kudzaimira pa chisankho chikubwerachi, ayamba kale kuzungulira m'maliro ndi pa mpira wa bonanza, ndiye nkhaniyi siyodikira 2030 ayi. Munthu amene akumwaza ndalama pa kampeni pali pomwe akuzitenga, ndipo amene akumupatsayo nthawi zambiri amadzafuna kubwezeredwa kudzera m'ma tenda a boma kapena a khonsolo. Inu ngati ovota mutha kufufuza ndithu, sizifuna digiri, bola kudziwa pogogoda.

Choyamba dziwani kaye zomwe lamulo limanena, chifukwa ambiri timangokuwa kuti awa akuba koma osadziwa kuti aphwanya chani. Lamulo la zipani la Political Parties Act la 2018 limalola chipani kulandira thandizo, koma chikalandira ndalama kapena katundu wokwana K1 miliyoni kuchokera kwa munthu, kapena K2 miliyoni kuchokera ku kampani kapena bungwe, chikuyenera kukaulula kwa Registrar wa zipani. Lamulo lomweli linaletsa ma handawuti, kutanthauza kugawa ndalama kapena katundu pofuna kunyengerera anthu kuti akuvotereni, ndipo chilango chake ndi chindapusa cha K10 miliyoni komanso ndende zaka 5. Koma chenjerani apa, zitenje, matisheti ndi zipewa za chipani sizili m'gulu la ma handawuti, ngakhalenso thiransipoti ndi chakudya cha pa msonkhano wa chipani, ndiye musathamangire kukanena munthu chifukwa chakuti wagawa nsalu. Nanga ija ndalama yomwe amagawa pamzere msonkhano ukatha n'kumati ndi ya thiransipoti chonsecho anthuwo abwera wapansi kuchokera kuseri kwa sukulu? Pamenepo ndi pomwe andale amabisalira, ine ndimaiona ngati handawuti yomweyo basi.

Chachiwiri, yambani kulemba. Tengani kope kapena foni, nthawi iliyonse shado kapena phungu wabwera lembani tsiku, malo, zomwe wagawa, magalimoto angati, ma lole onyamula anthu alembedwa dzina la kampani yanji pa chitseko, zokuzira mawu ndi za ndani. Anthu amanyozera zimenezi koma dzina la pa chitseko cha lole limaulula zambiri kuposa zomwe kandidetiyo angalankhule pa nsanja. Mukaona galimoto ya boma ya nambala ya MG kapena ya kampani ya boma ikututa anthu a chipani jambulani, koma mwanzeru, muli chapatali, anyamata a chipani aja sachedwa kulanda foni.

Chachitatu ndi chomwe chili ndi ntchito yambiri, kufufuza bizinesi za kandidetiyo ndi abale ake. Funso ndi lakuti kodi munthuyu akapambana, pali pomwe udindo wake udzakumane ndi thumba lake? Ngati ali ndi kampani yomanga, kapena mkazi wake amaperekera simenti ndi malata ku khonsolo, kapena mlamu wake ndi amene amakumba mijigo m'dera lonse, ndiye kuti tsiku lina adzakhala pa mpando wogamula nkhani yomwe iye mwini akupindula nayo. Paja amati mbuzi imadya pomwe aimangirira, ndiye dziwani pomwe mukuimangirirapo musanavote. Poyambira pake ndi zikwangwani zomwe amaika pa chitukuko chilichonse, pa mlatho, pa buloko ya sukulu, amalemba dzina la kontirakita. Lembani mayinawo ndipo muone ngati dzina limodzi likungobwerabwera. Kenaka funsani a makomiti a chitukuko a m'dera ndi m'mudzi, a ADC ndi a VDC, amenewa amadziwa kuti kampani yakutiyakuti mwini wake weniweni ndi ndani ngakhale pa pepala patalembedwa dzina la mphwake. Ma tenda akuluakulu amalengezedwanso mu nyuzipepala ngati The Nation ndi The Daily Times, kuphatikiza dzina la kampani yomwe akufuna kuipatsa ntchito ndi mtengo wake, masamba aja timangowadumpha pothamangira za mpira aja.

Kuti muone kuti izi sizongopeka, kumbukirani nkhani ya chakudya cha apolisi. Mu 2018 lipoti la bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB linatuluka mozemba n'kuonetsa kuti kampani ya Pioneer Investments, yomwe inali ndi kontirakiti yoperekera chakudya ku polisi, inaika K145 miliyoni mu akaunti ya chipani cha DPP yomwe wosainira wake anali Peter Mutharika. ACB inadzanena kuti iye payekha sanapindule nazo, koma nkhaniyo inaonetsa poyera njira yomwe ndalama imayenda, kuchoka ku boma kupita kwa wabizinesi, kuchoka kwa wabizinesi kupita ku chipani. Ndipo musaganize kuti ndi matenda a chipani chimodzi, zipani zathu zikuluzikulu zonse zimachita chibwibwi zikafunsidwa kuti ndalama za ma konivenshoni ndi magalimoto atsopano zachokera kuti.

Chachinayi, pemphani mapepala. Ngati munthuyo ndi phungu kale, nduna kapena khansala, lamulo la 2013 limamukakamiza kulembetsa chuma chake, ngongole ndi mabizinesi ku ofesi ya Director of Public Officers' Declarations, ndipo nzika itha kulemba pempho lofuna kuona zomwe analembetsazo. Mukaziona yerekezani ndi zomwe maso anu akuona kumudzi, ngati analemba nyumba imodzi koma pa tireding'i pali malo ogona alendo ndi filing'i siteshoni zomwe aliyense akudziwa kuti ndi zake, muli ndi poyambira. Shado amene sanakhalepo pa udindo lamuloli silimukhudza, ameneyo mungomufunsa pamaso. Palinso lamulo la Access to Information lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020, ili limakupatsani mphamvu yolembera khonsolo kupempha mndandanda wa ntchito za thumba la chitukuko cha m'dera la CDF, ndalama zomwe zinalowa ndi makampani omwe anapatsidwa. Lembani kalata yachidule, nenani chenicheni chomwe mukufuna ndi chaka chake, sungani kope yodindidwa. Akakuzungulitsani, ndipo mwina adzakuzungulitsanidi, kadandauleni ku Malawi Human Rights Commission poti ndi amene amayang'anira lamuloli. Ndi bwino kulemba ngati gulu, kaya kalabu ya achinyamata kaya komiti ya mpingo, munthu mmodzi amamutopetsa msanga.

Chachisanu, mufunseni pagulu. Pa msonkhano kapena pa mtsutso wa pa wailesi ya m'dera, imikani mkono mwaulemu: bwana, ndani akulipira kampeni yanuyi, ndipo mukapambana kampani yanu idzapitiriza kupikisana nawo pa ma tenda a khonsolo? Constitution yathu pa gawo 61 imati phungu amene ali ndi phindu pa nkhani yomwe ikukambidwa mu Nyumba ya Malamulo aulule ndipo asavote nawo popanda chilolezo cha nyumbayo, ndiye funso lanulo silachipongwe. Akayankha kuti ndi anzanga akufuna kwabwino, funsaninso kuti anzanuwo mayina awo ndani.

Mukapeza umboni, za ma handawuti ndi thandizo losaululidwa zipititseni kwa Registrar wa zipani, za ziphuphu ndi ma tenda okondera ku ACB. Chomwe ndingakuletseni ndi kuthamangira pa Facebook kapena mu gulupu ya WhatsApp ndi dzina la munthu musanatsimikize, mutha kusumiridwa chifukwa choipitsa mbiri, komanso mumamupatsa mpata wobisa mapepala ofufuza asanafike. Perekani zithunzi, masiku ndi makope a makalata, zenizenizo musunge nokha kunyumba.