Mbozi zodula mbande za repu

Mvula itangosiya mu Epulo, ndinawokera mbande za repu ndi mpiru kuseri kwa nyumba. M'mawa uliwonse ndinkapeza zina zitagona pansi, zodulidwa patsinde ngati ndi lumo. Mtima unkandipweteka, poti mbewu zake ndinagula ndi ndalama ya sopo.

Poyamba ndinkaganizira nkhuku, koma nditafukula dothi ndi chala pafupi ndi mbande yodulidwa, ndinapeza kambozi kotuwa katadzipinda ngati mphete. Mbozizi zimadya usiku, masana n'kubisala m'nthaka. Ndinazitola m'mamawa kwa masiku asanu, n'kumaponyera nkhuku zomwezo. Kenako ndinadula mabotolo apulasitiki, n'kuveka mbande iliyonse chigoba cholowa pansi pang'ono kuti mbozi isafike patsinde. Pano repu wabiriwira, ndipo dzulo tadyera nsima ndiwo zake zoyamba.