Musanatumize nkhani yanu kwa osindikiza

Anzanga olemba, musamangotumiza nkhani zanu mwachisawawa. Yambani mwafufuza kaye amene amasindikiza zolemba za mtundu wanuwo. Buku la Writers' & Artists' Yearbook limatuluka chaka chilichonse ku Britain, ndipo muli maadiresi a osindikiza ndi maejenti (anthu oimira olemba kwa osindikiza), koma lakale lingakusokeretseni poti akonzi amasinthasintha. Pa intaneti palinso mawebusaiti othandiza kupeza kotumiza zolemba: Submission Grinder ndi yaulere pomwe Duotrope ndi yolipira, ndiye ine ndimakonda yoyambayo. Mpikisano wa nkhani zazifupi wa Commonwealth Short Story Prize umatsegulidwa pa 1 Sepitembala n'kutsekedwa pa 1 Novembala. Kulowa n'kwaulere, ndipo Amalawi ndi Azambia timaloledwa. Wosindikiza akati muyambe mwamupatsa ndalama zambiri, kafunseni kaye anzanu a ku Malawi Writers Union musanasayine chilichonse.