Momwe mungalembere nkhani yopeka mpaka ituluke

Choyamba gulani kope la hadikava ndi bolopeni, zodikira kaye laputopu zisiyeni. Ine nkhani zanga zambiri ndimazitola pa depoti ndi mu msika wa Zomba, kumangoima pafupi ndi amayi ogulitsa matemba a ku Chilwa nkumamvera momwe akunenererana mtengo ndi makasitomala, mawu awowo ndimalemba momwemo osawakonza. Munthu wa m'nkhani yanu akhale ndi chinthu chimodzi chimene akuchifuna zedi, inu mumuikire chomutchinga, nkhani yayamba basi.

Mukamaliza iwerengeni mokweza pamaso pa anzanu awiri atatu osanyengerera. Writers Group, gulu la alembi la pa Chancellor College lomwe linayamba mu 1970, momwe munali mlakatuli Jack Mapanje, inkachita zomwezi, kuwerengerana nkudzudzulana.

Tsopano pa kutayipa apa mumve bwino. Ine ndinapereka kope langa, lokhalo, nkhani zisanu ndi imodzi za chaka chonse, kwa mnyamata wina wotayipa mtauni muno chifukwa ankatchaja motsika pa peji. Anandizungulitsa masabata atatu, lero magetsi, mawa wapita ku maliro. Atandipatsa fulashi ndinakaitsegula pa kompyuta ya msuweni wanga ku Matawale, mafayilo onse asanduka ma shortcut, vairasi. Kubwerera kwa iye akuti kompyuta anaifomata, kope sakulionanso, mwina ana aketa. Ndinakhala pa khonde lake mpaka mdima, misozi ikulengeza. Nkhani ziwiri zokha ndi zimene ndinatha kuzikumbukira. Ndiye musanapereke kope kwa munthu jambulani peji iliyonse pa foni, dzitumizireni nokha pa WhatsApp kapena pa imelo, ndipo muzilipira akamaliza nkhani imodzi imodzi mutaiona ndi maso. Onaninso kuti sanakukonzereni zolankhula za anthu anu, ena amasintha "mwaswera" wa kumsika kukhala Chichewa cha m'kalasi. Kapena ingotayipani nokha pa foni pang'onopang'ono, bando ya data ndi yotchipa kusiyana ndi kulira.

Zotsalazo nzachidule. Tumizani ku nyuzipepala za Loweruka, Malawi News ndi Weekend Nation, tcherani khutu ku mipikisano ya Malawi Writers Union. Wosindikiza wofuna ndalama zonse asanakuonetseni buku ngakhale limodzi musamupatse. Buku likatuluka pitani ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa zolemba ndi zaluso, za umwini wa bukulo, kope lina mukasiye ku National Archives, ili konkuno ku Zomba.