Opaleshoni ya fupa la mkono osakugonetsani, muzikonzekera chonchi

Kuno ku Kasungu ndi mmene njinga za kabaza zachulukiramu, anthu othyoka fupa la pakati pa phewa ndi chigongono sakusowa ayi. Ambiri amachira atangowamanga, koma ena fupa limafuna chitsulo ndiye mwina akutumizani ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Mukamva akuti tikubayani jakisoni wa dzanzi pakhosi, musanjenjemere.

Nkhani yake ndi yoti mitsempha yonse ya mkono imachokera m'khosi, ndiye adokotala ogonetsa anthu aja amathira mankhwala ngati lignocaine kapena bupivacaine pafupi ndi mitsemphayo, kawirikawiri akuyang'ana pa sikani kuti singano isaphonye. Pakatha mphindi 15 mpaka 30 mkono uja walemera ngati si wanu, madokotala akhoza kugwira ntchito inu muli maso, mwina angokupatsani kamankhwala koti muziwodzera.

Tsono musanene kuti poti sindigona ndidyeko kaphala. Ayi ndithu. Maola 6 musanalowe ku fiyeta osadya kanthu, chifukwa nthawi zina dzanzi siligwira mkono onse ndiye amakugonetsanibe, ndipo munthu wokhuta akhoza kusanza zinthu nkulowa m'mapapo. Auzeninso zonse osabisa, kaya muli ndi mphumu, kaya munadwalapo TB, kaya mumamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi ngati warfarin kapena asipulini, ngakhale zitsamba zomwe. Za mapapozi nzofunika kwambiri chifukwa jakisoni wa pakhosiyu amatha kufoola kaye mtsempha wothandiza kupuma mbali imeneyo.

Akamabaya khalani phee koma pakamwa musatseke. Mukamva ngati shoko ya magetsi kutsika mkono, kapena makutu kulira, milomo kuchita dzanzi, mkamwa kumveka ngati mwanyambita chitsulo, nenani pompo. Mawu kusasa kapena chikope kugwa pang'ono zimatha zokha mankhwala akasungunuka, koma kubanika itanani anesi.

Pomwe ndimadandaula kwambiri ndi pambuyo pake. Dzanzi limatha kukhala maola 12 mwinanso kufika 24, ndipo mkono umenewo sumva moto sumva kupsinjika, munthu kupsa ndi kapu ya tiyi kapena mbaula osadziwa nkomwe. Ukhale mu kansalu kokolekera m'khosi kaja, osaugonera, ndipo agadiyani aziuyang'ana pafupipafupi makamaka usiku. Mankhwala a ululu omwe akupatsani, kaya ndi panado kaya ena, yambani kumwa zala zikangoyamba kunyerenyetsa osadikira kuti ziwawe kaye, poti ululu wa fupa ukabwera umabwera onse kamodzi, mwinanso pakati pa usiku anthu ali mtulo.

Pakadutsa masiku awiri dzanzi lisanathe, kapena dzanja likungolendewera osadzuka, bwererani kuchipatala. Zala zikatupa kwambiri, kuzizira kapena kusintha mtundu musadikire nkomwe, pitani nthawi yomweyo.