Galimoto yokana kulira injini ikatentha: yambani mwayeza sensa ya madzi

M'mawa galimoto imalira msanga, kungopotokola kiyi kamodzi basi. Koma mukayenda mtunda n'kuimika kwa mphindi 15 kapena 20, imayamba kuvuta. Sitata ikuzungulira bwinobwino koma injini osagwira, ndipo ikalira imatulutsa utsi wakuda ndi fungo la petulo wosapsa. Ambiri zikatere amathamangira kugula batire, ena mapulagi a moto, ena pampu ya mafuta, vuto n'kukhalabe pomwepo. Zimandimvetsa chisoni, chifukwa kawirikawiri cholakwa chimakhala kachipangizo kakang'ono komwe kuyeza kwake sikutenga ola. Musagule kalikonse musanayeze sensa yomwe imauza kompyuta ya galimoto mmene madzi a mu injini atenthera.

Sensayi imamangidwa pafupi ndi thermostat (valavu yotsegulira madzi kupita ku redieta injini ikatentha) kapena pa silinda hedi, nsonga yake ili m'madzi. Ikazizira imatsekereza magetsi kwambiri, ikatentha imawalola kudutsa mosavuta. Kompyuta imaitumizira mavolti 5, ndipo poona mmene atsikira imadziwa kutentha kwa injini. Zimenezi n'zofunika chifukwa injini yozizira imafuna petulo wochuluka, poti petulo sasanduka nthunzi bwino akagunda chitsulo chozizira. Pa galimoto zakale za kabuleta ntchitoyi inkagwiridwa ndi choki.

Tsono sensa ikafa, kapena pulagi yolumikizira mawaya ake ikachita dzimbiri, imayamba kunama. Injini ili pa madigiri 90, iyo n'kumanena kuti ili pa 10. M'mawa bodzali silioneka, chifukwa injiniyo ndi yoziziradi ndipo petulo wochulukayo ikumufuna. Masana ndiye zimaululika: kompyuta imathira petulo wa injini yozizira mu injini yotentha, mapulagi amanyowa, moto osagwira. N'chifukwa chake ena amaona kuti akaponda akisileta mpaka pansi poliza, galimoto imadzuka. Pa galimoto zambiri kuponda kotero kumauza kompyuta kuti ichepetse kapena idule petulo. Ngati yanu imatero, dziwani kuti petulo akuchuluka, sakuperewera.

Musanamizidwe ndi muvi wa pa dashibodi. Galimoto zina, makamaka zakale, zili ndi masensa awiri: ya waya mmodzi yoyendetsa muviwo, ndi ya mawaya awiri yopita ku kompyuta. Muvi ukhoza kuloza pakati bwinobwino pamene sensa ya ku kompyutayo inafa kalekale.

Njira yachidule ndi kugwiritsa ntchito kamakina ka OBD2, komwe kamalumikizidwa ku kompyuta ya galimoto n'kuwerenga makodi osonyeza zovuta. Makodi a sensayi amayambira P0115 kufika P0119. P0118 nthawi zambiri imatanthauza kuti waya waduka kapena pulagi yachoka, ndipo makina amaonetsa madigiri -40. P0117 imaloza ku shoti, ndipo kutentha kumaoneka kokwera mosayenera. Koma apa ndi pamene amakaniko ambiri amaphonya: sensa yomwe yangosokera pang'ono siiyatsa nyale ya check engine, chifukwa nambala yomwe ikupereka ndi yotheka, kungoti si yoona. Choncho musangoyang'ana makodi, onaninso manambala omwe akusintha injini ikugwira ntchito. Galimoto ikagona usiku wonse, tsegulani kiyi osaliza, ndipo yerekezani kutentha kwa madzi ndi kwa mpweya wolowa mu injini. Manambala awiriwa ayenera kuyandikana kwambiri. Kenako lizani ndi kumayang'anitsitsa. Nambala iyenera kukwera pang'onopang'ono mpaka cha m'ma 85 kapena 95. Ikamadumphadumpha, gwedezani mawaya ndi dzanja uku mukuyang'ana. Ikasintha pogwedezapo, vuto lili pa pulagi kapena waya, osati pa sensa.

Amene mulibe makinawa, multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, ndi yokwanira. Chotsani pulagi ya sensa ndi kuyeza ma ohm, muyeso wa mmene ikutsekerezera magetsi, pa mano ake awiri. Pa galimoto zambiri mumapeza pakati pa 2,000 ndi 3,000 madzi akakhala pa madigiri 20, ndipo amatsika kufika cha m'ma 300 pa madigiri 80. Opanga ena manambala awo ndi osiyana, ndiye onani buku la galimoto yanu. Yezani kawiri, yozizira ndi yotentha, chifukwa kuyeza kamodzi sikukuuzani zambiri. Yang'ananinso m'kati mwa pulagi ndi tochi. Mukaona zobiriwira pa mano, kapena chinyezi chamadzi a redieta omwe adutsa m'sensa, pamenepo mwapeza poyambira. Dzimbiri limawonjezera ma ohm, ndipo kwa kompyuta ma ohm ochuluka amatanthauza kuzizira.

Sensa ikapezeka yabwino, isiyeni, mumvetsere mmene galimoto ikukanira. Sitata ikamazungulira mwaulesi injini ikatentha, fufuzani sitatayo, mawaya a batire ndi waya wa ethi. Ikamazungulira mwamphamvu koma muvi wa rpm, woonetsa liwiro lomwe injini ikuzungulira, osagwedezeka ndiponso moto pa mapulagi palibe, ganizirani sensa ya crankshaft, youza kompyuta mmene injini ikuzungulira, yomwe imadziwika ndi kufa ikatentha n'kuyambanso kugwira ikazizira. Injekita, yomwe imafayira petulo mu injini, ikamadontha nayo imanyowetsa mapulagi galimoto ikaima, ndipo zizindikiro zake zimafanana kwambiri ndi za sensa ya madzi. Imagwidwa poika geji ya presha ya mafuta ndi kuona ngati presha ikugwa msanga mutazimitsa. Ngati vuto limabwera mukangothira petulo, onani valavu ya purge, yolowetsa nthunzi ya petulo wa m'thanki mu injini, mwina yakakamira yotseguka.

Posintha sensa dikirani injini izizire ndithu. Madzi a mu injini yotentha amakhala pa presha, ndipo mukamasula sensa kapena chivundikiro cha redieta amakuthirani n'kukuwotchani koopsa. Ikani washa kapena O-ring yatsopano, ndipo musamange mwamphamvu, makamaka ngati pomangirapo ndi pa pulasitiki. Mukatha bwezerani madzi ndi kutulutsa mpweya wotsalira m'mapaipi, chifukwa sensa yatsopano ikakhala m'mpweya m'malo mwa m'madzi imaperekanso nambala zabodza. Futani makodi, yendetsani galimoto mpaka fani italira, izimitseni kwa mphindi 15, ndipo muyeserenso kuliza ili yotentha.