Komiti yosamalira nkhalango ndi nyama isadalire thumba limodzi

Ntchito ya Tchuma Tchato, yoti anthu a m'midzi azisamalira nyama zakutchire n'kumapindula nazo, inayamba mu 1994 ku Bawa, m'boma la Mágoè, ndipo ndalama zake zambiri zinkachokera kwa alendo olipira kuti asake nyama. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utatseketsa malire, alendo otere anasowa, pomwe alonda ankafunikabe kudya ndipo njovu zinkalowabe m'minda. Komiti iliyonse ya kuno ku Tete, kaya ili pafupi ndi paki ya Mágoè imene inakhazikitsidwa mu 2013, kaya ku Zumbo, Marávia, Chifunde kapena Macanga, iyenera kukonzekeratu chaka ngati chimenecho.

Yambani ndi kope. Lembani ndalama zonse zimene zinalowa m'zaka zitatu zapitazi, kumene zinachokera ndi mwezi umene zinafika. Tsamba lina mulembe zimene sizingaime ngakhale mwezi umodzi: malipiro ndi kamba wa alonda, mafuta a njinga yamoto ndi bwato, nsapato, mayunitsi a foni. Mukapeza kuti gwero limodzi likubweretsa zoposa theka, muli pangozi. Zimene munangolonjezedwa musaziwerengere, fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Chachiwiri ndi mapepala, ndipo apa ndi pamene makomiti ambiri amagwera. Lamulo la Diploma Ministerial 93/2005 limati 20 peresenti ya misonkho ya mitengo ndi nyama ibwerere kwa anthu a dera limene zinthuzo zatengedwa. Koma ndalamazi sizipatsidwa pamanja kwa amfumu. Pamafunika komiti ya anthu osachepera 10, amayi ndi abambo, yodziwika ku boma la distritu, yokhala ndi akaunti kubanki. Konzaninso malamulo a gulu lanu olembedwa, nambala ya msonkho ya NUIT, ndi ma BI osatha ntchito a onse osayinira. Osayinira akhale atatu ochokera m'mabanja osiyana. Cholakwika chofala n'chakuti wosayinira mmodzi akamwalira kapena kusamukira ku Moatize, komiti sidziwitsa banki, akaunti imagona, ndiye ndalama zikatuluka zimasowa kolowera. Chaka chilichonse pitani ku SDAE, ofesi ya distritu yoona za ulimi ndi chuma, mukafunse ndi kalata kuti ndi malayisensi angati a mitengo ndi nyama anaperekedwa m'dera lanu, ndipo kope la kalatayo likhale ndi chidindo.

Mapepala akakhala bwino, gogodani kwa othandiza. BIOFUND, imene inakhazikitsidwa mu 2011, imasunga thumba lokhalitsa n'kumathandiza malo otetezedwa ndi phindu lake, ndipo ANAC, nthambi ya boma, ndi imene imayang'anira mapaki m'dziko muno. Komiti ya m'mudzi imamveka msanga ikadzera kwa oyang'anira paki kapena bungwe limene lili kale pantchito m'deralo. Dziwani kuti wothandiza amakonda kugula zooneka, monga njinga, ming'oma kapena maphunziro, koma malipiro a mwezi ndi mwezi amawazemba. Choncho mu bajeti iliyonse ikanimo mzere wa ndalama zoyendetsera ntchito, ndipo musavomere galimoto ngati simukudziwa kumene mafuta ndi matayala adzachokere pulojekiti ikatha.

Makampani nawo ali pafupi: migodi ya malasha ku Moatize, kampani ya magetsi ku Songo, ndi asodzi a kapenta panyanja ya Cahora Bassa. Musapite ndi pempho lakuti "tithandizeni". Pitani ndi tsamba limodzi lonena ntchito imodzi, mtengo wake mu metikali, ndi chimene adzaone pakatha miyezi 12, mwachitsanzo makilomita a mpita wotchinga moto amene mudzalambule. Mgwirizano ulembedwe, ukhale wa zaka zingapo, ndipo usakutsekeni pakamwa kampaniyo ikawononga mtsinje.

Ndalama zanuzanu n'zochepa koma ndi zokhazo zimene palibe angakulamulireni. Malambe ndi masau alipo ambiri kumadera otentha. Gulitsani pamodzi monga gulu, muumitse bwino pathandala osati pansi, chifukwa wogula wamkulu amakana katundu wa mchenga kapena nkhungu. Uchi usakololedwe usanakhwime: madzi akapitirira 20 peresenti umasasa. Chaka choyamba musauwerengere, ming'oma ina njuchi sizilowa. Gwirizanani pamsonkhano kuti pa kilogalamu iliyonse kagawo kakuti kazilowa m'thumba la komiti, ndipo wolipira pa M-Pesa kapena e-Mola alandirebe lisiti.

Za kaboni, kutanthauza kulipidwa chifukwa chosunga mitengo imene imayamwa mpweya woipa, zikumveka kwambiri kuyambira pamene Mozambique inalandira malipiro oyamba mu 2021 chifukwa chochepetsa kudula mitengo ku Zambézia. Koma zimatenga zaka, zimafuna chilolezo cha boma ndi malire a dera odziwika bwino. Munthu akabwera ndi pepala lomanga nkhalango yanu kwa zaka 30, musasayine tsiku lomwelo. Liwerengedwe m'chinenero chathu pamaso pa mudzi wonse.

Pa ndalama iliyonse imene wopereka sanaiikire malamulo, patulani gawo limodzi mwa magawo 10 mpaka zitakwana kulipira alonda miyezi isanu ndi umodzi. Miyezi itatu iliyonse matani pakhoma la sukulu kapena pa bwalo la amfumu zimene zalowa, zimene zatuluka ndi zotsala, ndipo msungichuma awerenge mokweza kuti osadziwa kuwerenga amve nawo.