Momwe mungapangire makina a magemu oseweretsa m'manja ndi pa TV

Yambani ndi batire, mphamvu za makina zibwere pambuyo. Sega Nomad, gemu ya m'manja ya mu 1995, inkalumikizika ku TV bwinobwino, koma inkamaliza mabatire 6 a AA m'maola ochepa, ndipo sinayende malonda. Choncho lembani kaye maola amene munthu azisewera asanatchaje. Masamu ake ndi apafupi: Steam Deck, gemu ya m'manja ya mu 2022, ili ndi batire ya 40 Wh (kutanthauza mawati 40 kwa ola limodzi), ndiye makina akamadya mawati 20, masewera atha pa maola 2.

Mukatero sankhani chipu (ubongo wa makina) yotha kuthamanga pa liwiro la mitundu iwiri. Apa ndi pamene Nintendo inachenjera. Switch yake ya mu 2017 imagwiritsa ntchito chipu ya Tegra X1 ya kampani ya Nvidia, ndipo itangotuluka, mbali yojambula zithunzi inkathamanga pa 307.2 MHz ili m'manja, koma pa 768 MHz ikakhala pa dock, kabokosi koikapo makinawo powalumikiza ku TV. Ambiri amaganiza kuti mu dock muli kompyuta ina yothandizira. Mulibe. Ntchito yake yaikulu ndi kupereka magetsi ndi kutumiza chithunzi ku TV kudzera pa waya wa HDMI. Inunso tsatirani njira imeneyi, dock yanu ikhala yotchipa.

Sikirini musaikokomeze. Ya Switch ndi ya mainchesi 6.2 ndipo imaonetsa 720p, pamene pa TV imafika 1080p. Chofunika nchakuti malemba a m'gemu awerengeke konsekonse.

Kenako kutentha, komwe kumagwetsa anthu ambiri. Liwiro likakwera pa dock, chipu imatentha kwambiri, ndipo nthawi yomweyo makina ali m'kabokosi kopanikiza. Ikani fani ndi kapaipi ka kopa kochotsa kutentha, ndipo mabowo otulutsa mpweya akhale pamwamba, pomwe dock kapena zala sizingatseke.

Pa timitengo toyendetsera gemu, ine ndingasankhe ta maginito totchedwa Hall effect. Ma Joy-Con, zoyendetsera gemu za Switch, anadandaulitsa anthu chifukwa zam'kati zikaperepeseka, munthu wa m'gemu amayenda yekha. Yezaninso kulemera: Switch ndi magalamu 398, Steam Deck 669, ndipo mikono imamva kusiyanako.

Poyesera, kakompyuta kakang'ono kotchedwa Raspberry Pi Compute Module 4 ndi chikhokho chosindikizidwa pa makina a 3D zikukwanirani. Yatsani gemu, zulani makinawo pa dock gemuyo ili mkati, kenako zimitsani magetsi pakhoma ngati mmene amathimira kwathu kuno. Gemu ikaima kapena kuyambiranso, bwererani ku pulogalamu yosintha liwiro la chipu musanagule china chilichonse.